Mafoni Atatu a Lachisanu

"Nanga dzina langa lapita kuti?"

Anafunsa a Abdulwahab, okonza injini za maboti, ataima pakhomo manja ali oyilo okhaokha. Tinalimo atatu m'kachipindamo, ife odzipereka amene timasamalira tsamba la pa intaneti la mayina ndi manambala a amisiri ndi amalonda a Nkhotakota. Mayi Zelifa, atsogoleri athu, anawapatsa mpando. Mnzathu Idrisa anayamba kupukuta foni yake, yomwe inalibe fumbi.

Bambowo anati kwa milungu iwiri asodzi a ku Benga sakuwaimbiranso, ndipo wina wawauza kuti patsambapo sakuonekanso. Anakana mpandowo n'kubwerera kunyanja.

Malamulo a tsambali ndinalemba ndine nditangomaliza ku koleji. Lamulo lachinayi limati nambala ikaimbidwa katatu masiku osiyana osayankhidwa, dzinalo lichotsedwe. Polemba ndinkaliona lanzeru kwambiri.

Ndinatsegula mbiri ya zosintha za patsambalo pa laputopu. Wochotsa anali Idrisa, ndipo anatsata lamulo bwinobwino: katatu, masiku osiyana. Koma masiku atatu onsewo anali Lachisanu, nthawi ili hafu thwelofu. Aliyense pa Boma pano amadziwa kumene a Abdulwahab amakhala nthawi imeneyo, foni atathimitsa. Idrisa amapemphera mumzikiti womwewo. Wokonza injini yekhayo amene anatsala patsambalo anali a Kalilu, amalume ake a Idrisa.

Ndinawerenga masikuwo mokweza, osawonjezapo kanthu.

Idrisa anati Lachisanu ndi tsiku lokhalo lomwe amapeza mpata, ndipo amaimba akulowa pachipata cha mzikiti. Anafunsa ngati pali mzere wonena za ola loimbira. Panalibe.

"Inu a Nadia adigiri, lamulo ndi lanu lomwe," anatero. "Komanso a Abdulwahab si oyandikana nanu nyumba? Tiyambe taona mbiri yanu."

Mayi Zelifa anatenga laputopu ija. Anawerenga mbiri ya Idrisa pang'onopang'ono, chala chili pagalasi. Kenako anatsegula yanga, n'kukhalapo nthawi yaitali kuposa pa ya Idrisa. Ndinayamba kukumbukira aliyense amene ndinamulembapo, ndi ubale wanga ndi iye.

Anatseka laputopu.

"Dzina la bambowa libwerere lero," anatero. "Lamulo likhala momwe liliri. Idrisa, utenga mayina a ku Dwambazi. Nadia, a ku Benga. A pa Boma ndiziimbira ndekha."