Supuni ya Mwana

Mlamu wa mphunzitsi analowa m'khitchini osaodira, mimba ili patsogolo, n'kuwomba m'manja kumbuyo kwa mwana. Mwanayo sanatembenuke. Ankangomenya tebulo ndi kadzanja, malovu akuyenderera pachibwano.

"Kagonthi kathu kakadali chomwecho?" anaseka mlamuyo. "Bweretsani ndikadyetse, alamu, ndiphunzirepo. Wangatu akubwera."

Mphunzitsi, mayi wa mwanayo, anapereka mbale ya phala ndi supuni, mtima ukuwira. Mkazi ameneyu, mlongo wa mwamuna wake, ndi amene anazungulira abale onse kuwauza kuti mwana anabadwa wosamva chifukwa mayi ake ankayendayenda ali ndi pakati. Mwamuna anameza bodzalo, mpaka anasamuka kuchipinda.

Dokotala anali atafotokoza zina. Ndi kachilombo kotchedwa CMV, kofala m'malovu ndi mkodzo wa ana aang'ono. Mwina mphunzitsi anakatengera kusukulu ya mkaka, komwe ankakhalira kupukuta mamina a ana a eni. Kanafika kwa mwana ali m'mimba n'kumuwononga makutu. Dokotalayo anachenjezanso kuti kakadalimo m'malovu a mwanayo, ndiye amayi oyembekezera azisamala. Mlamuyo sanamve zimenezi, paja iye amamva zotuluka pakamwa pake zokha.

Mwana anayamwa supuni n'kuilavula.

"Iii, amakananso? Mwina mwawotcha. Dikirani ndilawe."

Mphunzitsi anaiona supuniyo ikukwera, ili noninoni ndi malovu. Akanangokhala chete basi. Palibe akanamuloza chala. Naye adzawombere wake m'manja, aone mmene zimawawira! Anazifuna zimenezo, anazifunadi ndi mtima wonse.

Kenako maso ake anagwera pamimba ija.

Phaa! Anamenya dzanja la mlamuyo ndi mphamvu zonse zimene anasunga chibadwire mwanayo. Supuni inakagwera kunsi kwa sinki.

"Mayo! Mwapenga, alamu?"

"Kasambeni m'manja ndi sopo. Malovu amenewo akhoza kumuchita wanuyo zimene zinamuchitikira wangayu. Si chiwerewere ayi, ndi malovu."

Mlamuyo anathamangira kumpopi. Anasamba, n'kusambanso, mpaka m'zigongono.

"Zikomo, alamu," anatero chapansipansi.

"Musandithokoze. Ali m'mimbamo sanandilakwire, koma inu." Mphunzitsi ananyamula mwana wake n'kutsekula chitseko. "Pakhomo lililonse pamene munasiya bodza lija, mukalitole. Muyambire kwa achimwene anu. Mukamaliza, mudzaodire."

Mlamuyo anatuluka atagwira dzanja lake, lomwe linali litayamba kutupa.