Malire a Kankhokwe ka a Hermínio

Neusa Caldeira anagwira ntchito ndi a Hermínio Rezende kwa zaka zambiri, m'chipinda chozizira cha pansi pa nyumba ya kampani ina ya inshuwalansi ku Belo Horizonte. M'chipindamo munali kompyuta yaikulu ya kampaniyo, chibokosi chakuda chotalika kuposa munthu, chimene chinkasunga mbiri ya aliyense wodula inshuwalansi kumeneko. A Hermínio ndi amene anamuphunzitsa ntchitoyo akadali mtsikana. Akuluakulu atamukweza kukhala mkulu wa gulu lawo, a Hermínio anayamba kumutchula kuti "abwana" mongomuseka, iye n'kumawabwezera kuti "mdala". Ankakangana za mpira, za shuga amene a Hermínio ankathira mu khofi ngati akuphika phala la mwana, ndi za kasamalidwe ka makina.

Nyengo yozizira itangoyamba, a Hermínio anagwa kubafa kunyumba kwawo. Inali sitiroko. Anapulumuka, koma mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, lilime n'kulemera. Neusa anakawaona kuchipatala kamodzi, n'kuwapeza ali mtulo, pakamwa patapotoka. Pobwerera analira m'basi, ndipo kuyambira tsikulo ankangotumiza mauthenga kwa akazi awo, mayi Zuleica. Ankadziuza kuti ntchito yamuchulukira. Inachulukadi, koma chimene chinkamuletsa kwenikweni ndi mantha owaonanso ali chomwecho.

Nthawi yomweyo kampani inagula madisiki ambiri atsopano osungirako mbiri za makasitomala. Pakati pa mtima wa makinawo ndi madisiki pamakhala kapulogalamu kotchedwa dalaiva, konyamula uthenga uku ndi uku, ndipo dalaiva wa pakampaniyo anamulemba a Hermínio okha kalekale. Makina akamayatsidwa, dalaivayo amalowetsedwa n'kupatsidwa kankhokwe, kamalo ka m'memori koikamo zinthu zofunidwa pafupipafupi kuti asamazitenge kudisiki nthawi zonse. A Hermínio anakaikira kankhokweko malire ochepa, ndipo sankalola munthu kuwakhudza. Wowafunsa chifukwa ankangomuuza kuti akamwe khofi.

Madisiki atachuluka, kankhokweko kanachepa. Makalaliki a m'mwamba anayamba kudandaula kuti makasitomala akudikira nthawi yaitali. Neusa anakulitsa malirewo, ndipo Lamlungu lina m'mawa, maofesi ali otseka, anazimitsa makinawo n'kuwayatsanso. Dalaivayo anakana kulowa. Makina anangolemba kuti malo palibe. Neusa ankadziwa kuti kankhokweko kamayenera kukhala m'chigawo cha pansi cha memori, chokhacho chimene njira za kumadisiki zimafikako, koma atawerengera anapeza kuti malo alipo okwanira. Anayesanso, dalaiva n'kulowa bwinobwino. Anayesa kachitatu, n'kukananso. Chinthu chovomera lero n'kukana mawa sakanachisiyira kampani yonse, choncho anabwezeretsa malire akale. Madandaulo anapitirira. Ogulitsa makinawo anati pulogalamuyo si yawo, sangaikhudze.

Loweruka lotsatira anagula tibuledi ta tchizi n'kukwera basi ya ku Santa Tereza, dera limene a Hermínio ankakhala. M'njira yonse ankadziuza kuti akupita kukaona wodwala basi, za ntchito sakazitchula.

"Njira mwaikumbuka lero?" anatero mayi Zuleica pakhomo. Koma anamulandira phukusilo n'kumulowetsa.

A Hermínio anali pampando pafupi ndi zenera, ataonda, ndevu zitamera mwauve, bulangete lili m'miyendo. Neusa anawafotokozera za timu yawo imene inali italuzanso, za mlonda wa pageti amene anakwatira, za mvula yosabwera. Iwo ankangoyang'ana panja. Mawu atamuthera anayamba kupotokola lamba wa chikwama chake. Pamenepo mpomwe anatembenuza mutu n'kumuyang'anitsitsa.

"Abwana," anatero movutikira. "Cha... vuta?"

Neusa anakana, koma iwo anapitiriza kumuyang'ana mpaka anaulula zonse. Akufotokoza anaona diso lawo likuwala, msana ukuwongoka pang'onopang'ono. Mayi Zuleica, amene ankabwera ndi khofi, anaika thileyi patebulo mwamphamvu.

"Ndiye mwabwera kudzawaona kapena kudzawagwiritsa ntchito? Munthu akulephera kugwira supuni, inu mukumubweretsera makina anu?"

A Hermínio anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere, akazi awo n'kukhala chete. Kenako anayamba kulimbana ndi mawu. Liwu lililonse linkatuluka ngati akulizula, malovu akuyenderera pachibwano, ndipo Neusa ankaganizira chimene akufuna kunena, iwo n'kumavomera kapena kukana ndi mutu. Patapita nthawi yaitali nkhani inamveka. Panali dalaiva wina, wa matepi osungirako zakale, amene nayenso ankadya malo a m'chigawo cha pansi chomwecho, ndipo ankawadya mowaza, apa pang'ono apo pang'ono. Akayamba kulowa ndi iyeyo, kankhokwe kakakulu sikankapeza malo amodzi okwanira. Amene alowe poyamba sankadziwika, zinkangotengera tsikulo.

"Wathu... ayambe," anatero. "Kulitsa. Koma... osafika... theka."

Neusa anakachita zomwezo: anakonza kuti dalaiva wawo azilowa poyamba, n'kukulitsa kankhokwe osafika theka la chigawocho, ndipo dalaivayo sanakanenso.

Pakati pa sabata mayi Zuleica anamuimbira foni. Mawu awo anali ofewa, amanyazi. Anati amuna awo anapempha kuti awamete ndevu, anadya chakudya chonse, ndipo ankafunsa ngati makina avomera. Chichokereni kuchipatala anali asanaonetsepo chidwi ndi chilichonse, ngakhale adzukulu awo.

"Ndinakulankhulani udyo, mwana wanga, mundikhululukire. Bweraninso Loweruka. Muwabweretsere vuto lina."

Choncho Loweruka lililonse Neusa ankakwera basi ya ku Santa Tereza ali ndi vuto m'mutu. Poyamba anali mavuto enieni, ndipo a Hermínio ankawatafuna mosangalala, nthawi zina n'kumuseka ndi theka la pakamwa kuti abwana aiwala zimene anaphunzira. Koma makina osamalidwa bwino savuta sabata iliyonse. Anayamba kubweretsa mavuto amene anali atawathetsa kale, n'kumanamizira kudabwa akamuuza yankho. Nawonso anatha. Loweruka lina, ali m'basi, anapeka lake. Anawauza kuti dalaiva wayambanso kukana kankhokwe kake.

A Hermínio anamvetsera mwachidwi. Anafunsa ngati wa matepi akulowabe pambuyo, iye n'kuvomera. Anafunsa zimene makina analemba, iye n'kutchula mawu amene anamubwerera m'kamwa. Anafunsanso china, yankho lake n'kusemphana ndi loyamba lija. Kuwala kuja kunazilala m'diso mwawo.

"Neusa," anatero. Anali asanamutchule dzina lake kwa zaka. "Usandi... namize. Wafa... ndi mkono. Mutu ayi."

Misozi inatsikira mbali imodzi ya nkhope yawo, ndipo anatembenukira kuzenera. Neusa anagwada pafupi ndi mpandowo n'kupepesa, koma sanamuyang'anenso. Anafunsa ndi liwu lotsika ngati enanso aja anali abodza. Iye anati ena anali enieni, ena anali atawathetsa kale. Iwo anangogwedeza mutu.

Loweruka lotsatira a Hermínio anauza akazi awo kuti atopa, safuna alendo. Neusa atafika sanabwerere kwawo. Anakhala kukhitchini ndi mayi Zuleica akusenda chinangwa, ndipo mayiwo anati mlanduwo ndi wawo, ndi iwo anapempha. Zinakhala choncho kwa masabata angapo, iye kukhitchini, iwo kuchipinda chochezera, chitseko chotseka pakati pawo. Tsiku lina mpira uli mkati pa wailesi yakanema, anamva ndodo ya a Hermínio ikugogoda pansi. Mayi Zuleica anakasuzumira n'kubwerera akupukuta m'maso, nati akuti alowe adzaone mmene timu yake ikuchitira manyazi. Anaonera limodzi mpaka kutha. Za makina sanazitchule, tsikulo ngakhale masabata otsatira.

Kuntchito akuluakulu anagwirizana zochotsa dalaiva wa a Hermínio n'kuika wa ogulitsa makinawo, poti panalibenso womudziwa bwino mkati mwake. Neusa sanatsutse, chifukwa ankadziwa kuti akunena zoona. Mayi Zuleica atamva zimenezi anamupempha kuti asawauze amuna awo. Iye anaganiza sabata yonse, ndipo Loweruka anawauza, mosazungulira.

A Hermínio anayang'ana dzanja lawo lakufalo. Anafunsa ngati watsopanoyo amadziikira yekha malire a kankhokwe, iye n'kuvomera kuti amayeza malo amene alipo asanatenge.

"Ali... bwino," anatero. "Wanga... wakalamba." Anapuma pang'ono. "Umuchotse... wekha. Osatuma."

Neusa analonjeza. Potsanzikana anamugwira dzanja ndi lamanzere lija, n'kulifinya kwa nthawi ndithu.

Sitiroko yachiwiri inawapeza m'mawa wina mvula yoyamba isanagwe, ndipo sanafike nayo kuchipatala. Kumanda kunabwera anthu ochepa a kuntchito, poti ambiri amene ankawadziwa anali atapuma kale kapena kusamukira ku São Paulo.

Lamlungu limene anakonza kuti achotse dalaivayo litafika, Neusa anakhala pa kompyuta yekha, anzake awiri ataima kumbuyo kwake. Anafufuta mzere wolowetsa dalaiva wakaleyo pamodzi ndi malire ake, n'kuyatsanso makina. Watsopanoyo analowa osavuta, madisiki onse n'kuoneka. Anzakewo anamuitana kuti akadye nyemba ndi nyama ya nkhumba pamalo ena apafupi, iye anati atsogole. Atatuluka anakhala m'chipinda chozizira chija manja ali m'khwapa, akulira mwakachetechete mpaka mphuno inatsekeka.

Masana ake anapita ku Santa Tereza. Mayi Zuleica anali akusamukira kwa mng'ono wawo ku Montes Claros, ndipo m'nyumba monse munali makatoni. Anagwira ntchito limodzi mpaka dzuwa kupendeka, akukulunga mbale m'manyuzipepala, akupatula zovala zopita kutchalitchi. Mayiwo anafunsa ngati ku Montes Claros n'kutali kwambiri kwa munthu wa ntchito ngati iye. Neusa anati n'kutali ndithu, koma pa Khirisimasi ali ndi tchuthi, adzabwera. Mayi Zuleica anamupatsa katoni ina yopanda kanthu n'kumulozera kabati ya makapu.