Ukabwera Usagogode

1.
Pepala lili patebulo kuyambira Lachiwiri. Mzere umodzi wokha ndiwo ulibe kanthu: Wopeka nyimbo. Mtsikana woimba amene analibweretsa, Tiyese, akuti abwera Loweruka kudzalitenga. Akufuna kuimbanso nyimbo yanga, ndipo akuti ndilembe ndi dzanja langa dzina la mwini wake.

Zaka zonsezi palibe anandifunsapo. Uyu akufunsiranji?

2.
1976. Laisoni Kambalame, kalipentala wa ku Bangwe, wavala jekete yobwereka. Ndine ameneyo, mano onse akadalipo. Waima mu situdiyo ku Blantyre, akuimba chamba chija chinachokera ku Amereka, cholira koma utavala suti.

Ukabwera usagogode, pakuti ine

Wasiya. Ng'oma yagunda kanayi, iye ali duu. Kenako wapitiriza.

Tibwereze, achimwene? akufunsa wojambula mawu.

Ayi bwana, ndi mmene ndinaipekera.

3.
Amene anaitenga:
a bandi ya kuhotela, ndi malipenga awo
a kwaya ovala mikanjo yofiirira
rasta wina wa ku Chilomoni
oimba m'maukwati, Loweruka lililonse
otsatsa maloko pawailesi
ana a makompyuta, oyankhula m'malo moimba

Akuba.

Anasintha liwiro, anasintha mawu, wina anaikamo Chizungu. Koma onse akafika pamene paja amasiya. Kugunda kanayi. Chete.

Palibe anandifunsapo.

4.
Agogo, anatero Tiyese Lachiwiri lija, kodi pamene mumasiya paja panayenera kukhala mawu anji?

Panalibe.

Aphunzitsi athu ku koleji amati luso lanu lonse lili pamenepo.

Aphunzitsi anuwo anayamba agwirapo gitala?

Anaseka. Ine sindinaseke.

Zimitsani foniyo, ndikudziwa mukundijambula.

Ili m'chikwama, agogo.

Ndiye tulutsani chikwamacho panja.

Anachitulutsadi. Atabwerera anayang'ana chitseko cha kuchipinda, kumene kunamveka chifuwa.

Muli ndi odwala?

Mayi akunyumba. Musawasokoneze.

5.
Kugunda kanayi kuja kutatha, a kwaya anati usagogode pakuti khomo la kumwamba ndi lotsekula kale ndipo amayi anakweza manja m'tchalitchi, rasta anati usagogode pakuti apolisi ndiwo amagogoda ndipo anyamata anakuwa m'bwalo la mpira, a maukwati anati pakuti nyumbayi ndi yakonso ndipo anthu anavina mpaka nsapato kuvuka, a maloko anati pakuti loko wathu sathyoka ndipo ndinaponya wailesi m'ngalande, ana a makompyuta anangoika kulira kwa galasi losweka, aliyense ndi yankho lake, aliyense akudziwa, dziko lonse likudziwa chimene chili pamene paja kupatula munthu amene dzina lake amalitchula pawailesi

6.
Iwe Nangondo, mkazi wanga. Chaka chachiwiri chino chifereni ziwalo mbali imodzi, pakamwa pako sipatuluka mawu. Ndimakutembenuza, ndimakumwetsa phala, ndimakusambitsa dzuwa likafunda.

Ukadali bwino, nyimbo ija ikayamba pawailesi unkadzuka kukatsuka mbale zotsuka kale. Anthu ankati, Nangondo, amuna anu ndi dolo. Iwe unkati, eya, amamva bwino.

Sunandinenepo kwa munthu. Bola ukanandinena.

7.
Lachisanu.

Ndatenga cholembera. Ndachisiya. Ine ndinalekera Sitandade 4, koma dzina langa ndimalilemba bwinobwino, L wamkulu ngati sikweya ya kalipentala.

Mtsikanayu wina wamutuma. Wina akudziwa.

Palibe akudziwa. Tilipo awiri, ndipo mmodzi sayankhula.

8.
Loweruka m'mawa. Ndakukhazika pampando kubafa, madzi ndafunditsa.

Bafa lija la mu 1975 linali la udzu. Ndinali nditasowa pakhomo milungu itatu, ndili kwa mkazi wina ku Limbe. Ndinabwera masana ngati mbava, nsapato m'manja, ndipo ndinakumva ukusamba, ukuimba nyimbo imene sindinaimvepo kwina kulikonse. Ndinaima kuseri kwa udzu. Unaibwereza katatu. Katatu konse, ukafika pa pakuti ine, unkadzithira madzi kumutu ndi chitini, khwaa, mawu n'kupita ndi madziwo.

Kugunda kanayi. Ndi nthawi imene chitini chimatha.

Pakuti ine sindinatseke? Pakuti ine ndapita? Pakuti ine ndilibenso mwamuna? Kukufunsa kukanakhala kuvomera kuti ndinaima kuseri kwa udzu. Ndiye sindinafunse. Ndinapita nayo ku situdiyo.

Lero ndayamba kuimba ndine, mawu anga othetheka awa. Ukabwera usagogode. Diso lako latembenukira kwa ine. Pakuti ine. Chitini chili m'manja mwanga, chodzaza, koma sindikuthira. Ndadikira.

Nangondo, nenani. Chonde, mayi.

Milomo yako yagwedera. Ndaika khutu pafupi. Mpweya wokha, wofunda, kanayi.

Kukhomo kukumveka odi. Ndi Tiyese. Pepala lili patebulo, ndipo ndalemba kale mbandakucha, zilembo zokhota ngati misomali yozula: Eneresi Nangondo.

Lowani, mwanawe. Koma musandifunse za pamene paja. Mwini wake akusamba.