Pamene Roza Amalowera

Ndiye kuti ndi singano, palibenso china — Vinsenti anali atagamula kale zimenezi m'mawa, koma ankangozigamulabe mobwereza ali khale pakhonde, maso ali kunjira yochokera ku Madisi kumene Andreya, mnzake wa ku Joni, anayenera kutulukira atamangirira gumbagumba yake yatsopano panjinga. Singano ikabuntha imadya mawu, ndipo imayambira aang'ono okwera aja, a azimayi, n'kusiya amuna okha akung'ung'udza ngati njuchi mumtsuko. Aliyense wosunga mbale za nyimbo amazidziwa zimenezi, nanji iye amene anagula galamafoni yopukusa ndi dzanja anzake a kumgodi akuthamangira zipewa ndi majekete. Pa nkhani ya singano palibe akanamuphunzitsa.

M'nyumbamo munali makina atatu, atafunditsidwa nsalu patebulo, ndipo onse atatu anamukhumudwitsa pa mbale imodzi yomweyo. Inali kambale kakang'ono, kopanda chithunzi, ka kwaya ya kumishoni, kamene wansembe wina wachizungu anajambula kalekale n'kukakonzetsa kwawo. Amuna ankayamba, n'kumaliza ndime yachiwiri, kenaka n'kukhala chete — ndipo pamenepo, pa chete pamenepo, Roza mkazi wake ankalowa yekha, mawu ake opyapyala akukwera, kukwererabe, mpaka munthu kuiwala kupuma. Chimuikire Roza m'manda, Vinsenti sankapita kumandako ayi, ankangoika singano pambale n'kudikira ndime yachiwiri kuti ithe. Ndiye mawu aja anayamba kuonda. Poyamba anali ngati Roza waima kutali ndi anzake, kenaka ngati akuyimbira kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chino, kunena zoona, sankabweranso n'komwe.

Anayamba waida galamafoni yopukusa ija, nati yakalamba, nagula ya mabatire kwa Amwenye ku Lilongwe. Itamukanika imeneyo anada mabatirewo, anada fumbi, anatsuka mbale ndi madzi a mvula n'kuiumitsa pamthunzi. Kenaka anagulitsa ng'ombe yoyera ija n'kutenga chimakina cha masipika awiri kwa mphunzitsi wina amene ankasamukira ku Kasakula — ndipo ng'ombeyo inali ya Roza, apa panalibe kubisa, inali ya Roza ndi ana ake. Choipa koposa, anakayikira Tereza. Mwana wake yemwe, amene anasiya banja lake ku Chezi kudzamuphikira, anamuimika pakati pa nyumba n'kumufunsa ngati anapukuta mbale ya amake ndi chiguduli cha mapoto. Tereza sanayankhe, kapena anayankha, kaya, mwanayu masiku ano amalankhulira m'kamwa ngati wavwata mtedza. Vinsenti anakalipa mpaka nkhuku kuthawa pakhomo, ndipo manyazi ake anali asanamuchokebe.

Koma nanga ndani salankhulira m'kamwa masiku ano? Chimutengere galimoto yopanda chizindikiro mlembi wina wa kumsika wa fodya, pa kamawu kamodzi kamene kanamupulumuka pamowa, anthu onse a m'mapiri muno anatsitsa mawu, ndipo Vinsenti ankawamvetsa, ankawayamikira n'komwe: pakamwa m'pamene pamapha munthu. Ankaona azimayi kuchigayo akugwedeza milomo popanda chotuluka, nati mumtima, achenjera amenewa. Ana asukulu ankadutsa mwakachetechete, nati aphunzitsi awalangiza bwino. Ngakhale tsiku lija pamsika wa Madisi, mnyamata wa chipani atamugwira kolala chakumbuyo n'kumuwomba mbama, akuti wakhala akumuitana kuti aonetse khadi la chipani iye n'kumangoyenda ngati mfumu — ngakhale tsiku limenelo iye anabwerera kunyumba akutukwana chamumtima kuti anyamatawa amachita dala, amakuitana monong'ona kuti apeze poyambira. Anali nalo khadilo m'thumba. Akanalekeranji kulionetsa, akanamva?

Akanamva. Liwu limeneli analikankhira kumbali msanga, nayang'ana mitengo ya masuku imene inatsala kumtunda kwa dimba. Mwezi uno wa kutentha, kale, nyenje zinkalira mpaka mutu kuwawa, munthu osamva mnzake ali pafupi. Tsopano kunali zii, dzuwa lokha likuphika nthaka. Komanso n'zosadabwitsa, mitengo yonse inathera m'zigafa za fodya, nyenjezo zitere pati? Dziko ndi limene lasintha. Ankaumirira pamenepo, monga mmene munthu amapondera mwala umodzi pakati pa mtsinje wodzaza, chifukwa kutsidya kwa ganizo limenelo kunali lina, la pansi pa nthaka ku Joni, makina obowolera mwala ali paphewa tsiku lonse, thonje la m'makutu atalitaya poti linkayabwa, ndi kapitawo wachikulire uja amene ankangomwetulira chilichonse chimene wamuuza, amene iwo anyamata ankamutcha dzina loipa kumbuyo kwake, ali chiimire pomwepo, poti sankamva.

Njinga inatulukira pa mpanda asanaimve belu. Andreya anatsika thukuta lili kamukamu, chibokosi chokutidwa m'bulangete chili pakaliyala, ndipo anayamba kufotokoza zambirimbiri — za chitunda cha pa mlatho, za anyamata a khadi amene anafuna kuona m'bulangetemo, za singano ya mtundu watsopano imene akuti siibuntha — Vinsenti n'kumavomera pamene payenera kuvomera, mpaka anadzigwira yekha kuti sakuyang'ana mnzakeyo m'maso koma pamilomo. Anayamba liti kuyang'ana anthu pamilomo? Anathandiza kumasula zingwe. Makinawo anali okongola zedi, a thabwa lonyezimira, mkono wake wopepuka wotsika wokha pambale, ndipo kansanje kaja kamene kankamugwira nthawi zonse Andreya akamupitirira sikanabwere lero. Lero ankafuna kugonja. Ankafuna makina a mnzake apose ake onse atatu, amuchititse manyazi, bola Roza abwere.

Anali ndi lamulo lawo awiriwa, lochokera kukomboni ya kumgodi komwe: poyerekeza makina, woweruza amakhala chofulatira, nkhope kukhoma, kuti maso asanamize makutu. Andreya anamukumbutsa lamulolo akuseka, namutembenuzira mpando. Vinsenti anafuna kukana, osadziwa chifukwa chake, kapena akudziwa. Koma anakhala, nayang'ana khoma la dothi pamene panali mng'alu wotsika kuchokera kudenga, ndi msomali umene Roza ankakolekapo kolona yake yopempherera.

Amuna anayamba. Ee, makinawa analidi abwino, mabesi anadza onenepa, ozungulira, mpaka mpando kumveka kunthunthumira, ndipo mtima wake unadumpha ngati wa mwana. Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri inayenda, iye akuitsatira liwu ndi liwu, zikhato zili thukuta pamaondo, akupemphera pemphero lopanda mutu — Mayi Maria, kamodzi kokha, ngakhale chapatali, ngakhale kuseri kwa nyumba — ndipo amuna aja anatsitsa mawu, namaliza, nakhala chete. Anadikira. Mng'alu uja unali pomwepo, msomali pomwepo. Anadikirabe, mpweya ataugwira, ndipo munalibe kanthu, munali kulira kokhakokha kwa m'mutu mwake momwe, kuja kumene anakuzolowera mpaka kukuyesa chete. Ndiye chimwemwe china choipa, chowawa, chinamukwera pachifuwa: nayonso yalephera! Si iye ayi, ndi makina, onse ndi amodzi, azungu amangotibera, mwina mabatire a Andreya afooka panjira, mwina mkono uja wanyamuka wokha. Anatembenuka mawu achipongwe ali kale pamilomo.

"Achimwene, nayonso yanuyi yaima pa—"

Mbale inali ikuzungulira. Singano inali pakati pa mizere, ikuyenda bwinobwino. Andreya anali atavula chipewa, atachigwira pamtima, misozi ikutsikira m'ndevu zake za imvi osaipukuta. Ndipo pakhomo panali Tereza, lichero lili m'manja, maso ali tsinzinu, milomo yake ikutseguka ndi kutsekeka pang'onopang'ono, ikukwera ndi nyimbo imene inadzaza nyumba yonse kupatula iye.

Andreya anamuyang'ana, ndipo Vinsenti anawerenga pamilomo pake.

"Ndi alamu enieni. Ngati ali m'nyumba muno."

Chakudza sichiyimba ng'oma, amatero, koma ichi mwina chinaiyimba, zaka zonsezi chinkaiyimba, iye ndiye sankaimva. Ng'ombe ya Roza inapita chabe. Mwana anamukalipira chabe. Mbama ija anaiyenera, anthu a m'mapiri muno mwina sanatsitse mawu kwambiri monga ankaganizira, mwina ena akhala akumupatsa moni m'njira iye n'kumangodutsa, akumutcha kumbuyo dzina lija limene iye ankatcha kapitawo wa ku Joni — gonthi — ali chiimire pomwepo akumwetulira. Ndipo Roza sanathawe m'mbale, sanaonde, sanapite kuseri kwa nyumba. Wakhala akulowa pa nthawi yake tsiku lililonse, mokhulupirika, akuyimbira mwamuna amene anakhala patsogolo pake akutukwana singano. Zinamuwawa kuposa tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija wochoka anali Roza, pamene lero wochoka anali iye.

Vinsenti anafunsa Tereza, osadziwa ngati akunong'ona kapena akukuwa, ngati kunjaku nyenje zikulira. Mwanayo anatsegula maso, nayang'ana bambo wake nthawi yaitali, ndipo nkhope yake inasintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza chinthu chimene wakhala akuchiopa.

"Chiyambire m'mawa, bambo," anatero, akutsegula kamwa kwambiri kuti aone.

Mbale inafika kumapeto, mkono unanyamuka wokha n'kubwerera pamalo pake. Andreya anayamba kulankhula, mwina za chipatala, mwina za makina ena aakulu koposa amene anawaona ku Lilongwe, koma Vinsenti sanamuyang'anenso pamilomo. Anatsika pampando, nagwada pansi patsogolo pa sipika, naika chikhato chake pa kansalu kake kolukidwa, nakodola mnzakeyo kuti aibwereze. Amuna anabwera, anawamva m'makutu ndi m'dzanja momwe, akugunda ngati mtima wa ng'ombe. Ndime yoyamba, yachiwiri, kenaka chete uja. Anatsinzina, nakanikiza nsonga za zala pansaluyo, ndipo patapita kanthawi panabwera kanthu, kochepetsetsa, konga kanyerere koyenda pakhungu, kakukwera, kakukwererabe — ndipo sanathe kudziwa ngati ameneyo anali Roza, kapena dzanja lake lomwe likunjenjemera.