Tsache la Kumanda

"Mkamwini amakaikidwa kwawo," anatero Gerishon, maso ali pansi. "Ndi mwambo, achemwali. Sindinaupange ine."

Mailesi anali atakhala pamkeka, atafukata jekete la malemu mwamuna wake. Cheni anamwalira dzulo lake m'munda wa mbatatesi, khasu lili m'manja. Thupi linali ku mochale ku boma, ndipo adzukulu anakana kukumba asanamve mawu a Gerishon, mwini mbumba.

"Kwawo kuti, achimwene? Ku Tchaina? Mumunyamula pa njinga yanu?"

"Akatenge anzake ku Blantyre. Iwo aja amadya okha, amafanso okha. Bambo ankanena."

Inde, a Binwell ankanena. Ndiwo anatsogolera amalonda a pa Ligowe chaka chimene anatseketsa golosale ya Cheni, akufuula kuti Mtchaina ngakhale atakhala zaka zana sangasanduke munthu wa kuno. Cheni sanachoke. Anakwatira mwana wawo yemwe, naphunzira kulima m'mapiri. A Binwell anamwalira asanamweko ndi madzi omwe a m'nyumba mwa Cheni.

Gerishon anatsitsa mawu. "Palinso ina. Amuna anu ankalowa kumanda okha. Chaka chilichonse, mwezi wa Epulo uno. Sabata yatha a Laimoni anawaona akutuluka mmawa, mawondo ali ndi dothi. Munthu wabwino amakatani kumanda popanda maliro, eti?"

Mailesi ankadziwa za maulendowo. Mwamuna wake ankabwerako maso ali ofiira, n'kukhala tsiku lonse osalankhula. Iye ankaopa kufunsa, poopa chimene angamve.

"Tiyeni tikaone," anatero pomaliza. "Ngati anakwirirako mankhwala, ndimusiya kumochaleko."

Anapita ndi a Laimoni, mkulu wa adzukulu. Nkhungu inali isanachoke m'mitengo. Udzu kumandako unkafika m'chiuno, mitanda ina itagwa, ina itadyedwa ndi chiswe. Gerishon anasochera kawiri asanapeze pamene anaika atate ake.

Kenako anaima.

Manda a a Binwell okha anali oyera. Udzu unali wozulidwa ndi manja, mng'alu wa pachiliza utamatidwa ndi simenti yatsopano. Kumutu kunali manachesi atatu osanjidwa bwino, atayamba kufota, ndi kakapu ka tiyi momwe munagwera masamba.

A Laimoni anagwada, nafukula dothi mozungulira ndi chala. Anapukusa mutu. "Palibe chokwiriridwa pano."

Mailesi anaizindikira kapuyo. Inasowa m'kabati mwake kalekale, ndipo anakalipira mwana wawo Atikonda chifukwa cha iyo.

"Anandiuzapo kamodzi, tisanakwatirane," anatero. "Anati kwawo mwezi uno mwana wamwamuna amakasesa manda a atate ake, n'kuwasiyira chakudya. Anati manda a atate ake ku Tchaina alibe wowasesa. Ine ndinangoti pepani. Sindinaganize..."

"Koma bambo ankamuda," anatero Gerishon, ngati akudzifunsa yekha. "Anamulavulira pamsika, anthu akuona."

"Ankadziwa."

"Inu a Gerishon munabwera liti kuno?" anafunsa a Laimoni.

Gerishon anayang'ana kumbali. Chiyambire tsiku lomanga chiliza anali asanapondeko.

Mame ankadontha kuchokera m'masamba n'kugwera m'kapu muja. Kenako Gerishon anatambasula dzanja, a Laimoni namupatsa khasu. Anayenda pang'ono kumanja kwa chiliza, natema nthaka kamodzi.

"Mukumbe apa. Anthu akalankhula, muwauze abwere kwa ine."

Mailesi sanathokoze. Maso ake anali pa mphanda ya mtengo wa msuku, pamene panabisidwa tsache lalifupi, lomangidwa ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje chake chakale. Analitsitsa. Chogwirira chake chinali chosalala, chitapindika pang'ono potsata dzanja limene linkachigwira.

Anawerama, nayamba kusesa pamene mchimwene wake anatema.