Denga la Makwerero, Mvula ya Ambulera

Malata ambiri anali kale pansi pamene mayi telala anatuluka, tepi ili m'khosi, n'kupeza mwamuna wake ali padenga akuzula misomali uku akuimba mluzu.

"Abambo, simunamve wailesi? A zanyengo ati lero kugwa chimvula."

"A zanyengo ake ati?" anayankha kalipentalayo osayang'ana pansi. "Omwe aja a boma la Ambulera? Akungofuna tonse tifunde maambulera, dziko lioneke ngati msonkhano wawo. Ine pofika madzulo malata atsopano ndikhala nditakhoma."

Mayiyo anangogwira pakamwa. Chaka chatha, chipani cha mwamuna wake cha Makwerero chisanagwe pachisankho, bambo yemweyu ankati a zanyengo ndi anthu ophunzira. Akangoti mvula, iye ankaphimba matabwa dzuwa likuswa mtengo. Wolengeza pawailesi anali yemwe uja, ndi kachifuwa kake komwe kaja, koma tsopano chilichonse chotuluka m'kamwa mwake chinali bodza.

Mtima wa mayiyo unali m'mwamba. Pamakina panali diresi loyera la mkwatibwi wa eni, ukwati mawa lake, mpendero ndi manja zisanathe. Dontho limodzi la dzimbiri likanamuthera mbiri. Kusamutsa makinawo kunalinso kosatheka, poti tebulo lake bamboyo analikhomera m'chipinda momwemo, lalikulu kuposa khomo.

Anaimbira foni achimwene ake, dalaivala wa lole, kuti abwere ndi lona. Anafikadi msangamsanga, atavala malaya a chipani cha Ambulera, mitambo itayamba kale kuda. Awanso musawaone kufatsa: chaka chatha ankalumbira kuti a zanyengo amalosera mvula poyang'ana m'thumba mwa nduna.

"Alamu, tsikani!" anafuula dalaivalayo. "Sayansi yalankhula!"

"Sayansi mwaidziwa liti inu? Si inu munanyowetsa matumba a simenti a eni chaka chatha?"

"Ija inali sayansi ya akuba. Ino ndi yeniyeni."

"Achimwene," anawadula mayiyo, "zimenezo mukambirana kumwamba komweko. Kwerani muyale lonalo."

Dalaivalayo anayang'ana makwerero otsamira khoma ngati waona njoka.

"Ine phazi langa pamakwerero? Wina andijambule, mawa ndili pafoni ya aliyense ati ndalowa chipani chakugwa? Iyayi, mlongo wanga. Ndiwaponyera, ayale okha."

"Ndikayala ndiye kuti ndavomereza bodza lawo," anatero wapadengayo, atapinda manja.

Dontho loyamba linamugwera pamphuno penipeni. Analipukuta mwachangu n'kunena kuti ndi mbalame. Kenaka kunang'anima, bingu linagunda, ndipo munthu wosakhulupirira uja anatsika makwerero a chipani chake mofulumira kuposa mmene chinatsikira m'boma.

Apa mayiyo chifundo chinamuthera. Analowetsa amuna awiriwo m'chipinda, lumo lili m'manja.

"Inu gwirani lonali uku. Inunso uko. Manja m'mwamba! Diresi ili likangonyowa, mkwatibwi mukamuuza nokha, ndipo amayi ake mukuwadziwa pakamwa pawo."

Amunawo ankawadziwadi amayi a mkwatibwi. Anakweza manja onse awiri, lona lili tambasu pamwamba pa makina, mayiyo n'kukhala pansi pake kuyamba kupalasa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Madzi ankadzaza pakati pa lonalo, ndipo aliyense akatsitsako mkono pang'ono, onse ankakhuthukira m'khosi mwake.

"Anati chimvula," anatero kalipentala, madzi ali m'akakolo, mano akugundana. "Aka n'kamvula chabe."

"Kwezani mkono, alamu, mukundithira madzi a boma lanu lakale!"

"Denga ili linayamba kudontha inu mutalowa m'boma!"

Mayiyo anangopitiriza kupalasa. Anamaliza manja, anamaliza mpendero, anadula ulusi womaliza. Diresilo analipinda bwinobwino, loyera ngati mmene linabwerera, n'kulilowetsa m'pepala la pulasitiki pansi pa tebulo. Amunawo sanaone kanthu, poti maso anali pa wina ndi mnzake.

"Mayi, kodi latsala pang'ono?" anafunsa mwamuna wake ndi mawu ofooka. "Mapewa aphwa."

Mayiyo anasuzumira kunja. Mvula inali isanaganize n'komwe zosiya. Anakhazikika bwino pampando, n'kubwezera mapazi pachopondera.

"Likadalipo," anatero, napitiriza kupalasa makina opanda ulusi.