Waya Woonda wa Mumsewu Mwathu

Mwina nanunso munamva zimene anthu akhala akunong'onezana kwathu kuno, zoti makina owotcherera zitsulo a bambo anga ndi amene akupha mafiriji a anthu. Inetu miseche ndimaikonda, sindibisa, koma iyi yokha inandiwawa. Ndikangofika pampopi, aliyense ankangoti zii.

Zinayamba chonchi. Makina awo akale, bambo akangowayatsa, mababu a mumsewu monse ankaphethira. Ndiye anawagulitsa n'kugula atsopano, ang'onoang'ono onyamula m'manja, oti sadya magetsi ambiri. Ankati akuchitira anthu zabwino. Mababu anasiyadi kuphethira, koma patatha miyezi iwiri firiji ya amayi a pagolosale inapsa, kenako ya abambo ogulitsa nyama. Thiransifoma ya pakona inayamba kulira ngati njuchi.

Kunabwera mayi wina wa kukampani ya magetsi ndi kachipangizo koyezera. Ine ndinali kuseri kwa chitseko cha shedi yomwe bambo ankagwiriramo ntchito, khutu lili tcheru.

"Bambo, makina anuwa sanawonongeke ayi," anatero mayiyo. "Kungoti amakoka magetsi modukizadukiza, ndiye amawadetsa. Mukanakhala pafupi ndi siteshoni yathu yaikulu, komwe mawaya ndi onenepa, palibe akanadziwa n'komwe. Koma muli kumapeto kwa waya wautali, woonda, thiransifoma yakenso yaing'ono. Litsiro lonselo likuthera m'mafiriji a anzanu."

"Ndiye sinthani wayawo, achemwali," anatero bambo.

"Msewu uno anaukonzera mababu ndi mawailesi basi. Kusintha adzasintha, koma si chaka chino, ngakhale chamawa."

Bambo anaseka kuseka kosachokera mumtima. "Aaa, kukoma mtima kwandipweteka."

Loweruka lake anakweza makina, benchi ndi chigoba chawo chotchinga kumaso powotcherera pagalimoto ya katundu. Anapeza malo m'tauni ina, pafupi ndi siteshoni yonga ija, ulendo wa maola atatu pabasi. Kunyumba amabwera kamodzi pamwezi, nthawi zina osabwera. Mushedi muli mbee, koma amayi anga amasesamo m'mawa uliwonse, ndipo akatuluka maso amakhala ofiira. Amati ndi fumbi.

Dzulo amayi a nyumba yoyang'anizana ndi yathu, omwe anatsogolera gulu lokadandaula kukampani, anandiitana akumwetulira.

"Iwe mwana wa owotcherera, geti langa lathyoka. Bambo ako abwera liti?"

Inuyo mukanakhala ine, mukanawayankha chiyani?